Ulendo wa Loweruka wokaona mbalame zosamuka: ku paki, ku dambo, ndi mkangano wa playback

Adimini Nantchengwa: Mwadzuka bwanji nonse. Marichi uja wafika pakati ndipo mbalame zayamba kale kuyenda, ndiye tiyeni tikonze za Loweruka lino. Ena akuti tipite ku paki ija ya mitengo ikuluikulu, ena akuti ku dambo. Ine ndikuti tichite zonse, paki m'bandakucha, dambo dzuwa likakwera pang'ono. Yankhani msanga chonde osangowerenga nkukhala duu

Wongoyamba Kumene: Moni nonse, ine ndine watsopano pagulu pano anandilowetsa ndi achemwali anga. Pepani funso langa mwina ndi lachibwana, m'bandakucha wake nthawi yanji? Bwanji osapita cha m'ma 9 munthu utagona mokwanira, mesa mbalame zimakhalapo tsiku lonse

Mayi Kakowa: Takulandira mwanawe, funsa usaope. Zimakhalapo inde koma osati zimene tikukazifunazo. Timbalame tating'onoting'ono tambiri tosamuka, monga ma warbler ndi ma flycatcher, timauluka usiku, mpweya ukazizira komanso akabawi atagona. Kukamacha ndi pamene timatsika, tili ndi njala yoopsa, nde timadya poyera osasamala kwambiri za munthu. Ukafika 9 koloko tadya kale talowa m'masamba, iweyo uzingoona nthambi zikugwedezeka basi. Tizikumana kusanawale.

Wongoyamba Kumene: Usiku?? Nanga njira amaiona bwanji mumdima

Aphunzitsi: Funso labwino limenelo. Amagwiritsa ntchito zinthu zingapo pamodzi. Nyenyezi ndi chimodzi. M'zaka za m'ma 1960 wasayansi wina wa ku America dzina lake Stephen Emlen anaika timbalame totchedwa indigo bunting mu planetarium, nyumba ija amaonetsamo nyenyezi zabodza kudenga, ndipo akasintha nyenyezizo mbalame nazo zinkasintha mbali imene zinkalumphira. Chimene zimaphunzira zili zazing'ono ndi malo amene thambo lonse limaoneka ngati likuzungulirapo. Palinso mphamvu ya maginito ya dziko, imeneyo anaionetsa a Wolfgang Wiltschko ku Germany pogwiritsa ntchito ma robin. Kuwonjezera apo dzuwa pamene likulowera, mitsinje, magombe a nyanja. Chimodzi chikasowa chifukwa cha mitambo zimadalira chinzake.

Wa Kamera: Aphunzitsi ayamba kalasi mmamawa uno kkkk. Ine changa nchimodzi, kuwala kwa m'mawa ndi kumene kumatulutsa chithunzi chabwino, nde 5 koloko ndilipo

Namzeze wa Kumpoto: Mukundikhumbiza abale. Chosangalatsa nchakuti inuyo mukukatsanzikana nazo ine kuno ndikuziyembekezera. Kumpoto kwa equator kuno chisanu chikungotha kumene, mitengo yayamba kutuluka timasamba, koma anamzeze sanafike, amafika cha mu Epulo. Ndiye amene mukuwaona ali ndandanda pa mawaya a magetsiwo muwauze afulumire

Ankolo Dokowe: Akubwera mphwanga, dekha. Panopa adakali kudya. Ndipo a Wongoyamba mumvetse bwino apa chifukwa nkhani yonse ya ulendo wathu yagona pamenepa: mbalame imene mukaione Lowerukayo siili pa holide ayi, ili pa ntchito yosonkhanitsa mafuta. Ka sedge warbler kamatha kunenepa mpaka sikelo yake kuwirikiza kawiri kasanadutse Sahara, ndipo mafuta amenewo ndi amene kamawotcha kali m'mwamba pomwe pansi palibe madzi olo kachirombo koti kadye. Ka willow warbler thupi lake ndi magalamu 8 kapena 10 basi koma kamachoka kum'mwera kwa Africa mpaka ku Scandinavia, tina mpaka ku Siberia. Dambo ndi paki zili ngati filling station ya basi yapaulendo wautali, ikapeza pampu yatsekedwa kapena wina waithamangitsa isanathire, ikafera panjira

Wongoyamba Kumene: Eeeh magalamu 10 mpaka Siberia, ine ndimaona ngati zimangobisala penapake nyengo ikasintha

Ankolo Dokowe: Simuli nokha, azungu akale nawo ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa madzi nthawi yachisanu. Chinawatsegula maso china ndi dokowe amene anawomberedwa m'chaka cha 1822 kufupi ndi Klütz ku Germany, ali ndi mkondo wochokera pakati pa Africa utamubaya pakhosi, anauluka nawo ulendo wonsewo. Mpaka lero alipo ku yunivesite ya Rostock, mkondo uli pomwepo

Wa Kamera: Ankolo nkhani ya dokowe wa mkondoyi chaka chilichonse simuiphonya kkkkk

Ankolo Dokowe: Chaka chilichonse kumabwera watsopano amene sanaimve, iwe khala chete

Adimini Nantchengwa: Tiyeni tibwerere ku pulani. Amene ali ndi ma binoculars awiri abwereke anzathu. A Wongoyamba muli nawo?

Wongoyamba Kumene: Ndilibe, ndimafuna ndigule koma manambala aja 8x42, 10x50, 20x chakuti akundizunguza mutu. Si bwino kungotenga a nambala yaikulu?

Mayi Kakowa: Ayi usathamangire kugula, yamba wabwereka uone amene akukwana m'manja mwako. Nambala yoyambayo ndi kuchuluka kwa mmene akukuzira chinthu, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo mu mamilimita, likakula kuwala kumalowa kwambiri. 8x42 ndi imene ambiri timagwiritsa ntchito. Za 20x zija dzanja likangonjenjemera pang'ono mbalame ikuvina, komanso malo amene ukuona amachepa moti kambalame kodumphadumpha m'nthambi sungakapeze. Ndipo chinsinsi chake, maso akhale pa mbalame kenako ukweze ma binoculars kufika pamaso, osati kuyang'ana pansi nkuyamba kusakasaka mtengo wonse. Ine ndibweretsa ena.

Wa Kamera: Ine ndibweretsa ka speaker kanga kaja, ku bango kuja kuli ka warbler kamene kakhala kakundizemba, ulendo uno ndikaitana katuluke basi

Mayi Kakowa: Achimwene ayi. Zimenezo tinakambirana kale.

Wa Kamera: Tinakambirana koma sitinamalize mayi. Masekondi 20 okha, katuluke, ndijambule, tonse tione, watsopanoyu aonenso. Chalakwika nchani? Kodi nchabwino nchiti, ine kuliza foni ndili panjira kapena anthu khumi kulowa m'bango kupondaponda kufuna kukaona? Chifukwa zimenezo ndiye ndimaziona kawirikawiri ndipo palibe amene amadzudzula

Wongoyamba Kumene: Pepani ndatayika, speaker ya chani?

Aphunzitsi: Ndi zimene amati playback. Umaliza kulira kwa mbalame kojambulidwa, ndiye yeniyeniyo imaganiza kuti kwabwera inzake yodzalanda malo, imasiya zimene imachita nkutuluka kudzamenyana nayo. Kwa wojambula ndi njira yachidule.

Namzeze wa Kumpoto: Ndilowererepo poti kuno ndi kumene zotsatira zake zimaonekera bwino. Nthawi ino amuna ndi amene amayamba kufika, akazi amabwera pambuyo pake masiku angapo, ndipo wamwamuna akangofika ntchito yake ndi kugwira malo ndi kuimba. Wafika ataonda, ena chifuwa chili fupa lokhalokha. Nde munthu akumulizira nyimbo ya mdani amene kulibe, iye akuuluka uku ndi uku kufunafuna, sakudya, ali poyera pomwe kabawi angamuone. Inu mukuti masekondi 20, koma pa malo odziwika simuli nokha, mukachoka inu akubwera wina naye masekondi 20, mpaka madzulo. Malo ambiri otetezedwa analetseratu zimenezi

Wa Kamera: Koma ofufuza amaliza playback daily

Aphunzitsi: Amaliza inde, ali ndi chilolezo, pofuna kuwerengera kapena kuveka mphete, ndipo amalemba zimene apeza. Inuyo mukufuna ma like pa Facebook, musafanizire kkkk

Wa Kamera: Aaa aphunzitsi mwandilasa pamtima. Komabe mfundo yanga ya opondaponda bango ija simunayankhe

Ankolo Dokowe: Mfundo imeneyo ndi yoona ndipo ndikugwirizana nawe mphwanga, wolowa m'bango akhoza kuononga kuposa iwe. Koma yankho lake ndi loti onse awiri musiye. Ine chimene chimandinyansa kwambiri si playback nkomwe, ndi anthu aja amaona gulu la mbalame zam'matope likudya m'mphepete mwa madzi nkumaziyandikira dala kuti ziuluke ajambule zili m'mwamba. Zikauluka zizungulira, zitera, wina aziulutsanso. Kuuluka kulikonse ndi mafuta amene zimayenera kukagwiritsa ntchito pa nyanja kapena pa chipululu. Lamulo langa ndi losavuta, mbalame ikasiya kudya nkutukula mutu kukuyang'ana, wayandikira kale mopyola, bwerera

Mayi Kakowa: Kuona maso a nkhono nkudekha achimwene. Khalani pansi pafupi ndi bango mphindi 30 osayankhula, katuluka kokha.

Wa Kamera: Chabwino speaker ndisiya, koma ndikunena poyera kuti sindinakhutire kwenikweni, pa malo oti kulibe anthu ena ndipo mbalame yake si yosowa ine sindiona vuto lalikulu. Pa ulendo wa gulu ndimvera basi

Adimini Nantchengwa: Zikomo. Pa ulendo wa gulu playback ayi, drone ayi, galu ngati mwabwera naye akhale pa chingwe, ndipo ku dambo ndibwino asabwere nkomwe. Tatseka imeneyo

Wongoyamba Kumene: Nanga apu ija ya Merlin yozindikira mbalame imene achemwali anandiikira mu foni, nayonso ndi yoletsedwa?

Namzeze wa Kumpoto: Ayi imeneyo ili bho, Sound ID, mbali yake yozindikira mbalame pomva kulira kwake, imangomvetsera siiliza kanthu pokhapokha mutadina nokha nyimbo zimene zili mkatimo, nde osadina muli kutchire, kapena valani ma earphone. Ndi ya Cornell Lab of Ornithology, omwe aja a eBird, malo a pa intaneti olembapo mbalame zimene waona. Koma musaikhulupirire ngati malemba. Madera ena ili ndi mbalame zambiri zimene inaphunzitsidwa, madera ena zochepa, ndipo pali mbalame zotsanzira zinzake zimene zimaipusitsa. Marsh warbler mwachitsanzo amatola nyimbo za mbalame za ku Africa nkukaziimba ku Europe atazisakaniza ndi za komweko. Foni ikakuuzani dzina, funani mbalameyo ndi maso muione kaye musanalembe

Aphunzitsi: Ndipo polemba pa eBird lembani zonse, ngakhale wamba zimene mumaziona tsiku ndi tsiku, ndi nambala yake, nthawi imene mwayamba ndi mtunda umene mwayenda. Anthu amangothamangira kulemba yosowa. Koma ofufuza amapindula kwambiri ndi mndandanda wathunthu, chifukwa ukawerenga anamzeze 200 sabata ino, sabata yamawa 30, inayo palibe, ndi mmene tsiku lonyamukira limadziwikira, ndipo zaka zikachuluka zimaoneka ngati likusuntha. eBird inayamba 2002 ndipo zambiri zili mmenemo analemba ndi anthu wamba ngati ife.

Wongoyamba Kumene: Funso lina, paki ya mu tauni yodzadza anthu othamanga ndi ana osewera, mbalame yochokera kutali ikatereko chifukwa chani?

Ankolo Dokowe: Ganizani kambalame kauluka usiku wonse, kukucha, pansi kakungoona malata ndi konkire, kenako kakuona chigamba chobiriwira chili ndi madzi. Katera pomwepo, ndi anzake onse amene anali m'mwamba usiku umenewo. Nchifukwa chake Central Park ku New York, pakati penipeni pa nyumba zosanja, ndi amodzi mwa malo otchuka kwambiri oonerako ma warbler mwezi wa Meyi, makamaka chigawo chija amati Ramble. Paki yaing'ono imaunjika mbalame pamalo amodzi, m'nkhalango yaikulu zimamwazikana. Mukafika funani mbali imene dzuwa layamba kuwomba, tizilombo timayamba kuyenda kumeneko, komanso pamene pali madzi odontha kapena kachithaphwi

Namzeze wa Kumpoto: Kuipa kwake matauni omwewo ndi amene amazipha. Magetsi a usiku amazisokoneza, zimazungulira nyumba zowala mpaka kutopa, m'mawa zikuwomba magalasi poona ngati mitengo imene ikuonekera mugalasimo ndi yeniyeni. Mizinda ina ku America ndi ku Canada imapempha eni nyumba zitalizitali kuti azizimitsa magetsi nyengo ino. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya Science mu 2019 anapeza kuti North America yataya mbalame pafupifupi 3 biliyoni kuyambira 1970, zifukwa zake nzambiri koma kutha kwa malo okhala ndiye chachikulu

Mayi Kakowa: Tikambeko za ku dambo poti ine mtima wanga uli kumeneko. Mwanawe nthawi ino ndi yokoma chifukwa mbalame zam'matope zimene miyezi yonseyi zinali zotuwa zofanana zokhazokha zayamba kuvala zaukwati. Curlew sandpiper chifuwa chimayamba kufiira ngati njerwa yootcha, ruff wamwamuna amayamba kumera nthenga zambiri m'khosi ngakhale zimadzakwanira atayandikira kwawo. Poyamba usavutike ndi mitundu ya nthenga. Yang'ana kukula kwake poyerekeza ndi ina ili pafupi, mlomo ngati ndi wowongoka, wopindikira pansi kapena m'mwamba, miyendo kutalika ndi mtundu wake, ndi kadyedwe. Common sandpiper sungamuphonye, amangogwedeza kumchira osaleka ndipo akauluka amapita mmunsi pafupi ndi madzi mapiko ali gwa. Greenshank ndi wamtali, mlomo wokwera pang'ono, akadzidzimuka amakuwa katatu. Ukadziwa awiri amenewa ena uziwayerekeza ndi iwowo. Dzuwa likhale kumsana kwako, likakhala kutsogolo zonse zimangooneka zakuda.

Wa Kamera: Ndipo amene muli kufupi ndi nyanja yamchere onani kaye tebulo la mafunde, mufike maola awiri madzi asanadzaze, madziwo ndi amene amazikankhira kwa inu osati inu kuzitsatira. Mwaona ankolo, nanenso ndimadziwa kudikira

Ankolo Dokowe: Wayamba kukula kkkk. Pa za madambo pomwepa, anthu amaona matope ngati malo opanda ntchito oyenera kukwirira. Bar-tailed godwit uja, mbalame yam'matope ya mlomo wautali, anatchuka mu 2022 atauluka kuchoka ku Alaska mpaka ku Tasmania makilomita 13,560 masiku 11 osatera, ali ndi miyezi isanu yokha. Koma pobwerera kumpoto nyengo ngati ino ma godwit sadutsa njira yomweyo, amakatera kaye ku Yellow Sea pakati pa China ndi Korea kudya m'matope masabata angapo. Ku Saemangeum ku South Korea anatseka matope aakulu ndi chikhoma cha m'nyanja mu 2006, ndipo ma great knot amene ankadalira pamenepo anachepa kwambiri. Ku Delaware Bay ku America ma red knot amafika mu Meyi nthawi yeniyeni imene ma horseshoe crab akuikira mazira amene ma knot amadya, nkhanuzo zitakololedwa mopyola muyeso nawonso ma knot anagwa. Malo amodzi apakati akafa, zilibe kanthu kuti koyambira ndi kothera kuli bwino

Aphunzitsi: Nchifukwa chake pali pangano la Ramsar, linasainidwa mu 1971 mu mzinda wa Ramsar ku Iran, loti mayiko aziteteza madambo ofunika. Koma kadambo kakang'ono ka kuseri kwa nyumba sikalowa m'mabuku amenewo, kamatetezedwa ndi anthu amene amakadziwa ndipo ali ndi zolemba zosonyeza zimene zimateramo. Ndabwereranso ku nkhani ya mndandanda ija, muzilemba.

Wongoyamba Kumene: Nanga adokowe ndi ziwombankhanga nazonso za usiku?

Ankolo Dokowe: Ayi amenewo ndi a masana, nde tikamamaliza ku dambo cha m'ma 10 muziyang'ana kumwamba. Amadikira nthaka itenthe, mpweya wotentha uyambe kukwera, iwo nkumazungulira nawo osakupiza mapiko mpaka pamwamba kenako nkutsetsereka kukapeza wina. Pamwamba pa nyanja mpweya wotere kulibe, nchifukwa chake Mediterranean amaizemba, amakaunjikana pa Gibraltar pomwe nyanja yake ndi makilomita 14 okha, ena pa Bosphorus ku Istanbul, ena amadutsa ku Eilat kumpoto kwa Red Sea, ena pa Messina pakati pa Sicily ndi Italy. Mukaona dokowe mmodzi akuzungulira musachotse maso, kwezani ma binoculars pamwamba pake, kawirikawiri pamakhala ena ambiri amene maso okha sakuwaona

Namzeze wa Kumpoto: Muziyang'ananso miyendo. Mukaona mphete yamitundu kapena kambendera kali ndi zilembo, jambulani olo chithunzi chisakhale chokongola, lembani mwendo uti, mtundu uti uli pamwamba uti pansi, tsiku ndi malo. Mukatumiza ku mabungwe oona za mphetezi, EURING ku Europe kapena SAFRING ku Cape Town, nthawi zambiri amakuyankhani kuti anaiveka kuti komanso liti. Zoveka mphetezi anaziyamba ndi mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Cornelius Mortensen, mu 1899

Aphunzitsi: Mwamva a Kamera, mphunzitsi

Wa Kamera: Ndamva bwana kkkk. Ma ring ndiye mundisiyire ine, lens yanga imawerenga patali

Adimini Nantchengwa: Chabwino timange. Kukumana kusanawale pa geti la paki, zovala zosawala, nsapato zoti zikhoza kulowa m'matope, chipewa, madzi akumwa, mankhwala othamangitsa udzudzu, kabuku ndi pensulo poti bolopeni ikanyowa imakana. Mafoni pa silent. Mndandanda wa eBird ukhala umodzi ku paki wina ku dambo, aphunzitsi alemba nkutigawira tonse. Ulendo wina waukulu tidzapanga Loweruka lachiwiri la Meyi pa World Migratory Bird Day, ngakhale kwa ena a ife zambiri zidzakhala zitapita, tidzawerenga zotsala

Wongoyamba Kumene: Nanga kukagwa mvula Lowerukalo tisintha tsiku? Foni yanga ikuonetsa mitambo

Mayi Kakowa: Tisinthe chani, ndiye tsiku labwino limenelo. Usiku ukayamba bwino mbalame nkunyamuka, kenako mvula kapena mphepo yochokera kutsogolo nkuzipeza m'njira cha kum'mawa, zimakakamizika kutera paliponse pamene pali mitengo. Ku High Island ku Texas anthu amadikira nyengo yotereyi mu Epulo, mbalame zimene zawoloka Gulf of Mexico zimachita kugwera m'mitengo zambirimbiri zitatopa. Tsiku loyera bwino mphepo ikuzikankha kumbuyo zimangodutsa pamwamba osatera, ife pansi nkumaona paki ili zii. Kukakhala ziphaliwali ndiye sitipita ku dambo, koma yowaza chabe tenga jekete ya mvula ndi kapulasitiki kokutira kabuku.

Wa Kamera: Ndipo tsiku lotero zimakhala zotopa moti zimatera pafupi, speaker siifunikanso

Ankolo Dokowe: Zotopazo ndiye uzitalikire kwambiri iwe

Adimini Nantchengwa: Amene mukubwera lembani dzina pansipa pofika Lachinayi madzulo, ndipo amene muli ndi malo m'galimoto nenani ndi angati